Manachesi a bambo ndi nkhope ya msuweni wanga

Buku la sewero limene tinkaphunzira m'kalasi tinkagawana anthu asanu, ndipo ine linkandipeza Lachisanu, poti anzanga sankafuna katundu kumapeto a sabata. Ndinali Fomu 3 pa sekondale yoyendera kwathu ku Nsambe. Chingerezi cha m'bukumo chinali chakale, cholimba ngati chimanga chokazinga, koma nkhaniyo ndinaigwira. Mkulu wa asilikali, yemwe anali mbale wa mfumu, anamenya nkhondo n'kupulumutsa dziko. Atangobwerako, mfumu inaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti ufumu udzakhala wa mwana wake. Sipanatenge nthawi, msilikali uja anapha mfumu n'kukhala pampando.

Aphunzitsi athu anali mayi ochokera kumpoto. Tsiku lina anafunsa kuti woyenera ufumuwo anali ndani. Kwa iwo linali funso la ana a sitandade wani, koma ine pakamwa panga sipachedwa.

"Madamu, mfumuyo inaziputa yokha," ndinatero. "Mwana salowa ufumu wa bambo ake, amalowa ndi mwana wa mlongo wawo. Bukuli silikutiuza bwino ubale wa anthuwa. Ngati msilikaliyu anali wa kuchikazi, ndiye kuti anamulanda."

Ambiri m'kalasi anavomera. Aphunzitsi anaika choko pansi, osati mokwiya koma mwachidwi. "Ndiye kwanu kuno mwana wa mfumu amakhala ndani?"

"Mlendo basi," anayankha wina kumbuyo, tonse n'kuseka.

Aphunzitsi anatichenjeza kuti pa mayeso tisadzayerekeze kulemba zimenezo. Kenaka anatipatsa ntchito: tikawerengenso pamene mfumu ikutchula mwana wake, tikawauze mmene nkhope ya msilikali inkaonekera. Ndinawerenga katatu. Bukulo silinena za nkhope, ndipo zinandivutitsa sabata yonse.

Kunyumba tinali ndi munda wa manachesi. Mayi anapita chitengwa, choncho tinkakhala kwawo kwa bambo, pafupi ndi azakhali. Mwana wa azakhaliwo, msuweni wanga, ndi amene ankaudziwa mundawo. Ankandiposa zaka zinayi ndipo sukulu anailekeza sitandade 8. Iye ndiye ankamezanitsa mitengo, kuithirira m'chilimwe, ndi kutsika ndi madengu panjinga mpaka ku Lisungwi, mabuleki akununkha. Ine ndinali wa mabuku. Chisuweni chathu chinali chotchuka. Iye ankanditcha bwana wa manja a thonje, ine ndinkamutcha bulu wa amalume ake, ndipo tsiku silinkatha osanyozana. Ndinkamukonda kuposa abale anga a bere limodzi.

Chaka chomwecho bambo anawapeza ndi matenda a shuga. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi anaitana azakhali, abale ena ndi mkulu wa mpingo, tonse tinakhala pansi m'munda momwemo.

"Mitengo iyi si ya makolo, ndinadzala ndine," anatero bambo. "Ndikadzapita, ndi ya mwana wangayu. Ndanena nonse mukumva."

Sindinama, mtima unakondwa. Zimene ndinanena m'kalasi zija ndinaziiwala nthawi yomweyo. Koma ntchito ya aphunzitsi sindinaiiwale, moti maso anga anapita okha pa msuweni wanga. Ankasenda nachesi. Sanasiye. Anasenda mpaka kumaliza, anaika makoko pambali, n'kuwomba m'manja pamodzi ndi ena onse. Ndinafufuza mkwiyo, ndinafufuza misozi, sindinapeze kalikonse.

Lolemba ndinawauza aphunzitsi kuti nkhope ya msilikali uja inalibe kanthu. Anandifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinangoti ndaganiza.

Sindinaope kuti msuweni wanga angandichite choipa, si munthu wotero. Ndinkangodikira kuti anditukwane mwa chisuweni, tiseke, nkhani ithe. Atadutsa masiku awiri osayamba, ndinayamba ndine. Ndinamupeza akumangirira madengu.

"Iwe bulu, lero wadya udzu?"

Anasiya chingwe n'kugwira dzanja limodzi ndi linzake. "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Ndinaseka ndekha, poganiza kuti ndi nthabwala yatsopano. Sinali nthabwala. Kuyambira tsikulo sanandinyozenso. Anagwira ntchito m'munda muja mokhulupirika mpaka bambo atamwalira, kenaka anatsikira ku Lisungwi, kumene amakonza njinga mpaka lero.

Pa mayeso funso lija linabwera. Ndinalemba kuti woyenera anali mwana wa mfumu, ndipo ndinakhoza bwino. Koma mpaka pano ndimafunabe kudziwa: mwana wa mfumu uja, pamene dzina lake linkatchulidwa, anamuyang'ana mbale wakeyo? Anaganizapo zokana? Ine pakamwa panga sipankachedwa, koma Lamlungu lija sindinakane.

Chaka chatha ndinamupititsira msuweni wanga dengu la manachesi. Analandira ndi manja awiri, anandipatsa mpando wokhawo umene unali pamalopo, iye n'kukhala pa tayala. Anasenda limodzi n'kulawa.

"Awa ndi a mtengo wa pachulu uja," anatero. "Mukuchedwa kuudulira nthambi."

Ananena zoona. Ndinamuonetsa manja anga, amene tsopano ali ndi zikang'a, n'kudikira kuti anene za thonje. Anawayang'ana nthawi ndithu.

"Zikomo kwambiri, achimwene," anatero. "Mukafike bwino."