Bodza la aNankhoma

Mundikhululukire, amayi ndi abambo amene muwerenge izi. Ine sukulu ndinalekeza setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, kumudzi kwathu kufupi ndi Mualadzi, ndipo ngakhale m'kalasi sindinkakweza dzanja. Ndikudziwanso kuti nkhani za m'chikuta sizinenedwa pabwalo. Ngati ndalakwa pozilemba, kulakwako ndi kwanga ndekha, osati kwa amene anandilera.

Ndikakumbukira aNankhoma a masiku amenewo, ndimamva fungo la madzi owira mumphika wakuda ndi mwaye, ndi utsi wa zitsononkho umene unkatuluka paudzu wa khitchini yawo dzuwa lisanatenthe. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinaleredwa ndi mkulu wawo, amayi aakulu aNaphiri. M'mawa ndikamasesa pabwalo ndinkaona aNankhoma akudutsa, beseni pamutu, makapulana, zitenje zathu zija, awiri akale paphewa, akuyenda mwachangu osacheza ndi munthu, ndipo ndinkadziwa kuti kwinakwake kwabadwa mwana.

Sanali mzamba. Sankadula mchombo, sankapatsa munthu mankhwala. Iwo ankakhala kumbuyo kwa mayi amene akubereka, kumugwira m'chiuno, kumupukuta thukuta, kumumwetsa phala lamadzimadzi ndi supuni. Mwana akabadwa, ankabwera m'mawa uliwonse kudzathowa mayiyo ndi madzi otentha, kenako n'kupita kudambo kukachapa nsalu zake kunsi, kutali ndi potunga. Ntchitoyi anaiyambira ku Zambia, kumene anathawira nkhondo ali mtsikana, chifukwa kumeneko ambiri ankabereka opanda mayi kapena mbale pafupi. N'chifukwa chake infirimera wa kuchipatala iwo ankamutchula kuti anesi, ndipo ana tinkaseka.

Anthu akadzaza m'nyumba kudzaona khanda, aNankhoma ankakhala pambali manja ali pamiyendo.

"Simunyamula mwana, aNankhoma?"

"Mwana ali ndi omunyamula ambiri," ankatero. "Ine ndabwerera mayi wakeyu."

Ndinakwatiwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwamuna wanga Domingu ankakweza matumba m'magalimoto ku Cassacatiza, ndipo ankabwera kwathu pakutha pa sabata. Nditakhala ndi pakati ndinkapita kusikelo ku Mualadzi, ndipo anandiuza kuti masiku akayandikira ndikadikirire komweko. Koma inali nyengo yokolola, manja ankafunika kumunda, ndipo matenda anandiyamba sabata imene ndinkati ndinyamuke.

Amayi aakulu anaitana apongozi anga, amake Domingu, kuchokera kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Anaitananso aNankhoma. Tsiku loyamba linapita. Lachiwiri dzuwa linafika pamutu mwana asanatsike. Ndimakumbukira kutentha kwa m'nyumbamo, ntchentche pamilomo yanga, mkeka wonyowa, ndi phokoso la ngolo zodutsa ndi chimanga ngati kunja kulibe chimene chikuchitika. Kumbuyo kwanga kunali chifuwa cha aNankhoma, ndipo ululu ukabwera ndinkakanikiza mutu pamenepo.

Kwathu amati mwana akachedwa kutuluka, ndiye kuti wina m'banjamo anayenda njira ina mimbayo ilipo, ndipo mwanayo amadikira kuti dzina la munthuyo linenedwe. Domingu anali kutali. Funso linagwera ine.

"Luwiza, nena," anatero amayi aakulu. "Nena dzina, mwana atuluke. Palibe amene akumenye."

"Palibe, amayi."

"Onse amayamba ndi palibe," anatero apongozi.

ANankhoma analankhula ali kumbuyo kwanga komweko. "ANaphiri, mwanayu mafupa ake ndi aang'ono, ndipo watopa. Tiitane mota, njinga yamoto ija, apite kwa anesi dzuwa likadalipo."

"Mota ibwera akanena," anayankha apongozi. "Kapena masiku ano mota ndiyo imatsegula njira? Tikamukweza asananene, akafera panjira, mlandu ukhale wathu."

Sanali anthu oipa. Amayi aakulu ankalira pondifunsa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti moyo wanga uli pa dzina limenelo, ndipo ine ndinkaona kuti ndikuwavutitsa. Chikhalire sindinakanepo chimene wamkulu wandipempha. Ndinayamba kufufuza m'mutu dzina loti ndiwapatse kuti akondwe, ndipo loyamba kubwera linali la munthu wa kuchigayo, amene chimene ndinalankhulapo naye ndi moni yekha.

Ndinatembenuza mutu. ANankhoma anaika khutu pakamwa panga.

"Ndinene Fabiyau wa kuchigayo?" ndinanong'ona.

"Unagona naye?"

"Ayi."

"Pali wina?"

"Palibe."

"Ndiye tseka pakamwa. Usatsegulenso."

Anakhala choweramira kwa kanthawi, akugwedeza mutu ngati akumva nkhani yaitali. Kenako anadzuka, n'kuwayang'ana awiriwo.

"Wanena," anatero. "Wandiuza ine. Dzina likatuluka pakamwa latuluka, silifuna makutu atatu. Tsopano njira yatseguka, koma mphamvu zokankhira alibe. Itanani mota."

"Ndi ndani?" anafunsa apongozi.

"Amake Domingu, mukufuna mdzukulu kapena mukufuna dzina? Dzina silithawa."

Mota inabwera. Anandikhazika pakati, woyendetsa kutsogolo, aNankhoma kumbuyo, atandimanga kwa iwo ndi kapulana kuti ndisagwe. Za njirayo ndimakumbukira fumbi m'kamwa ndi mawu awo m'khutu langa, akundiuza mayina a midzi imene tinkadutsa, umodzi umodzi, kuti ndisagone. Kuchipatala infirimera anafuna kuwasiya panja. Iwo anati, "Anesi, ine sindigwira chilichonse chanu. Ndingokhala kumutu." Anawalola. Mwana anabadwa dzuwa litapendeka, wamkazi. Poyamba sanalire. Infirimera anamusisita nthawi yaitali, aNankhoma atandigwira nkhope kuti ndiziyang'ana iwo, kufikira tinamva kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mbuzi.

Ndinkaganiza kuti zatha. Koma kumudzi kunali kutamveka kale kuti Luwiza anaulula, ndipo ataulula mwana anatuluka.

Domingu anafika tsiku lachitatu, titabwerera kunyumba. Mwamuna salowa m'chikuta, ndiye anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Sanafunse za mwana.

"Ndi ndani?" anatero.

"Palibe, bambo."

"Amayi akuti unanena."

Ndinayang'ana pansi. ANankhoma anali atandiuza kuti ndisatsegule pakamwa, ndipo sindinadziwe ngati lamulolo latha. Domingu anavala chipewa, n'kupita kukagona kwa amake.

M'mawa mwake aNankhoma akundithowa, ndinalira mpaka madzi anazizira m'beseni. Anangondisiya ndilire. Pomaliza anati, "Bodzali ndi langa, si lako. Ndinalimanga ndine, ndilimasula ndine. Koma uyambe waima ndi miyendo yako. Imwa phalali."

Mchombo utagwa, linafika tsiku lotulutsa mwana. Domingu anabwera ndi amalume ake, amene anali ankhoswe athu, ndipo aliyense ankadziwa kuti sanabwerere mwana yekha. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna uku, akazi uko. Amalumewo asanayambe kulankhula, aNankhoma anatula beseni lawo, n'kugwada pakati.

"Pepani, akuluakulu, ndili ndi mlandu, ndiunene ndekha. Tsiku lija ndinanama. Mwanayu sanandiuze dzina la munthu aliyense. Anandiuza kuti palibe."

Nkhuku inadutsa pakati pa anthu.

"Nanga mwana anatuluka bwanji?" anafunsa apongozi.

"Anatuluka chonchi mukumuonamu, wopanda dzina la munthu."

"Ndiye munatipusitsa ife, anthu aimvi, m'chikuta?"

"Ndinakupusitsani, eya."

"Ngati munanama tsiku lija, lero tidziwa bwanji kuti simukunama?"

"Simungadziwe," anatero aNankhoma. "Koma mwakhala nane zaka zonsezi. Ganizani nokha kuti ndi tsiku liti limene ndinali ndi chifukwa chonamira." Kenako anatembenukira kwa mwamuna wanga. "Iwe Domingu, ndinathowa amako utabadwa iwe, ndiye undimvere. Ndikanapanda kunama, dzina limenelo bwenzi lero ukulifunsa kumanda."

Amalume anandiyang'ana. "Luwiza, ndi zoona zimenezi?"

Ndinagwedeza mutu pang'ono, maso ali pamkeka. Ndi zokhazo zimene ndinachita. Apongozi anati munthu wonama m'chikuta ndi woopsa kuposa matenda. Amayi aakulu, manyazi atawagwira pamaso pa alendo, anauza aNankhoma kuti asadzapondenso pabwalo pathu. Ine ndinali pomwepo, mwana pamiyendo, wamoyo, ndipo sindinanene kanthu. ANankhoma ananyamula beseni lawo n'kuwoloka njira.

M'mawa mwake ndinamva kugogoda kuseri kwa bafa. Anali iwo, ndi madzi otentha.

"Anandiletsa pabwalo," anatero. "Za kuseri sananene. Vula."

Domingu anabwera patapita masabata awiri, ndi chikwama chake. Sanapepese, ndipo inenso sindinayembekeze. Anakonza chitseko cha khola chimene chinali chitathyoka kalekale, kenako anapempha kuti anyamule mwana. Koma apongozi anakana kumukhudza, ndipo pamudzi anthu anagawanika. Amene anakhulupirira aNankhoma anati ndi wabodza. Amene sanawakhulupirire anati akubisira hule. Mbali zonse ziwiri zinaleka kuwaitana. Atsikana ena ankapitabe kwa iwo mobisa miyezi ikayandikira, koma beseni lija linasiya kudutsa m'mawa.

Lero aNankhoma maso awo achita khungu pang'ono, ndipo madzi ndimawatungira ndine. Kamodzi ndinayesa kupepesa chifukwa cha kukhala chete kwanga kwa tsiku lija. Anaseka.

"Iwe ukanati chiyani, kamunthu kofuna kupereka Fabiyau wosalakwa kuti amako akondwe? Thira madziwo mumtsuko."

Anandikhululukira, koma ine sichinandichoke. Ndikadali munthu wamanyazi. Chimene chinasintha ndi chimodzi: mlamu wanga wamng'ono atayamba matenda a uchembere chaka chatha, ndinaitana mota ndisanapemphe chilolezo kwa aliyense, ndipo ndinakhala kumbuyo kwake njira yonse.

Za ine ndi apongozi zinatha chonchi. Anabwera okha masana ena, mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, nanena kuti akudutsa kupita kuchigayo, ngakhale analibe thumba. Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali ali pamkeka, kenako anati, "Makutu awa ndi a kwathu. Bwera naye kuno." Za tsiku lija sanatchule, ndipo kwa aNankhoma sanawoloke. Linali Lachitatu, sabata yachiwiri ya Novembala.