Mbidzi yako akukulungira mandasi

Vitumbiko, lero ndakwiya ndipo sindibisa. Chaka sichinathe kuchokera pamene tinakuika m'manda. Ndagula mandasi pamsika wa Mhuju, mayi wogulitsa n'kundikulungira m'pepala. Potambasula ndapeza mbidzi yako ija unkajambula, nkhope yonse ili mafuta okhaokha. Nditawafunsa, mayiwo akuti, "Anatigulitsa abambo aang'ono a malemu, katoni yonse. Akuti zithunzizo n'zofanana zokhazokha, ndiye iwo anasungako chimodzi." Zofanana! Abale ako omwewa ankakunyoza uli moyo kuti mwana wophunzira ku mishoni akutha zaka n'kujambula zidole m'malo mofuna ntchito ya boma. Pamaliro ako ndi omwenso anatalikitsa mawu, ati banja lataya waluso.

Ndikukumbuka tsiku lija unandiitana ndikuweruka kusukulu. Unaika mapepala awiri pagalasi lako lowala kunsi, n'kundifunsa ngati ndikuona kusiyana. Ndinati ayi. Unaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, maso anu ngaulesi chomene." Kenako unagwira mulu wonse wa mapepala n'kuuthamangitsa ndi chala chachikulu. Mbidzi ija inadzutsa mutu, n'kugwedeza khutu, n'kundiyang'ana. Ndinakuwa ngati mwana! Unati filimu imene unkapanga ndi zithunzizo ikatha tikaonetsa kaye ku Thazima, kwa alonda a nyama amene ankakulola kukhala tsiku lonse ukuyang'ana mbidzi zenizeni. Ndatenga mapepala onse otsala kwa mayi aja, koma ambiri anapita kale ndi ogula mandasi. Ndayesa kuwathamangitsa monga unkachitira, mnzanga. Mbidzi ikumayamba kudzutsa mutu, koma isanandiyang'ane mapepala akumatha.