Chinsinsi cha Ama

Dzulo ndinakayezetsa khomo la chiberekero, mwana ali kumsana. Mtsikana wa kukoleji, wophunzira kafukufuku wa khansa patchuthi, atatsegula botolo la viniga woyezera, ndinamva fungo ngati la chinangwa choviika.

Ndili wamng'ono ku Sanga, ndinapeza ama kuseri kwa miphika yoviikamo chinangwa akuchapa nsalu zamagazi.

"Mwadzicheka, ama?"

"Eya, posenda chinangwa. Usawauze ada ako, angaleke kupita kunyanja."

Ndinanyadira kuti andikhulupirira. Mpeniwo ndinaubisa padenga kuti asadzichekenso. Miyezi inapita ama akuwonda, ine osaulula. Pomwe ada anawatengera kuchipatala, madokotala anati khansa ya khomo la chiberekero yafalikira kale, ndipo anangowabweza ndi mankhwala opha ululu.

Mpaka lero ndimalira kuti ndinali mwana womvera.