Malemu amene ankalowa mu seva masana

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzati ndikucheza, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mayi amene ndinayenda nawo tsikulo akadali moyo pa boma pompano, kungoti maina sinditchula.

Zinali zaka zija matipate adakali achilendo, pamene timabungwe tinkangophuka ngati bowa. Ine ndinkagwira ntchito pa kabungwe kena ka zaumoyo ku Nkhotakota, komwe anthu ankabwera kudzayezetsa magazi mwakachetechete. Maina awo ndi zotsatira zake zinkasungidwa mu kompyuta imodzi yakale yoyendera Linux, imene tinkaitcha seva, ndipo mukudziwa nokha mmene zinalili nthawi imeneyo, dzina limodzi lokha likanatuluka, banja linatha basi. Woyang'anira sevayo anali bambo wina wachisilamu, wodekha, amene anandiphunzitsa ntchito yonse, ndipo lamulo lake linali loti ife timasamala chitseko, za m'kati sitiwerenga.

Bamboyo anadwala miyezi ingapo n'kumwalira, tinawaika tsiku lomwelo. Titabwerera ku ntchito ndinauza abwana kuti nditseke akaunti ya malemu, koma iwo anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati munthu sitimufufuta manda asanaume, ndidikire arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi ija, ndiye tidzakhudze zinthu zake. Ine ndine wapakamwa, koma pa maliro ungatsutse chiyani? Ndinangoti chabwino.

Patatha sabata ziwiri, ndikuyang'ana kaundula amene seva imalembamo aliyense wolowa, ndinaona dzina la malemu. Analowa dzulo lake, ikungopitirira wani koloko masana. Ndinayang'ana m'mbuyo, analowanso dzana, ndi tsiku linalo, nthawi yomweyo anzathu achisilamu ali ku mzikiti, enafe tili kokadya. Chidwi chinaposa mantha, moti ndinatsegula pamene pamasungidwa zimene munthu walemba ali m'katimo. Abale inu, malemu ankafufuza dzina limodzi lokha pa mndandanda wa oyezetsa, dzina lawo lomwe! Ankalilemba, n'kulilembanso mosintha zilembo, kenako masiku omalizira anangotsegula mndandanda wonse.

Tsiku lotsatira sindinapite kokadya. Ndinakhoma chitseko, n'kukhala ndekha ndikuyang'anitsitsa mpando wa malemu ngati chitsiru. Nthawi itakwana mpando sunagwedezeke, koma kabokosi ka modemu pakona, kolumikiza seva ndi lamya, kanayamba kulira kulira kwake kuja kokhala ngati mphaka wapondedwa, magetsi ake n'kuthwanima, dzina la malemu n'kutulukira pa sikirini. Ndinatsala pang'ono kuthawa, sindinama. Komabe mutu unandifunsa kuti kodi mzimu umafunika kuimba lamya? Ngati wadzera pa waya wa telefoni, ndiye kuti kwinakwake kuli munthu wakhala pampando. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti malemu atayamba kufooka, bungwe linawabwereka kompyuta ina kuti azigwirira ntchito kunyumba, ndipo palibe anaganiza zokaitenga, poti nayonso inkadikira arubaini.

Ndinazula waya wa modemu, akaunti ndinatseka pomwepo osafunsa munthu, abwana akwiye akwiye. Kenako ndinapempha mayi wina, namwino wathu, kuti andiperekeze, chifukwa mkazi wa malemu anali pa eda, nthawi imene wamasiye satuluka pakhomo ndiponso saonana ndi amuna achilendo. Tinakwera kabaza mpaka kumeneko. Namwino analowa, ine ndinakhala pakhonde, pakati pathu pali nsalu yotchinga pakhomo.

Nditafunsa za kompyuta ija, mkazi wa malemuyo sanakane n'komwe. Anati anapeza kope la amuna awo momwe analembamo zonse mwadongosolo, pasiwedi ndi njira yofufuzira dzina, ndipo poti anaphunzirako taipi, ankangotsatira mzere ndi mzere apongozi awo akapita ku mzikiti kokaswali. Amuna awo anapita osanena chimene chinawadwalitsa, iwo ali ndi khanda kubere, kuchipatala sangapite mpaka eda ithe, nanga akanafunsa ndani? Ukali umene ndinabwera nawo unathera pakhonde pomwepo. Ndinafunsa ngati dzinalo analipeza, anati ayi, mulibe. Ndinafunsanso ngati maina enawo anawawerenga. Anati anawerenga onse, mpaka pansi, koma analumbira kuti adzapita nawo kumanda.

Namwino analonjeza kubwera mawa lake kudzawayeza kunyumba konko, ine n'kunyamula kompyuta ndi kope lija. Ndikutsazika, mawu a wamasiye uja anachokera kuseri kwa nsalu, mwaulemu ndithu, opanda chipongwe chilichonse. Anandifunsa kuti mlongo wanga wa ku Dwangwa akupezako bwanji masiku ano, ndipo anati ndizimupatsa zakudya zabwino, ndisamutaye.

Ine sindinkadziwa kuti mlongo wanga anabwerapo pa ofesi pathu kudzayezetsa. Anasankha tsiku limene ine kunalibe kuti mchimwene wake asadziwe, ndipo chinsinsi chakecho ndinachimva kwa munthu wachilendo, chifukwa cha chitseko chimene ndinasiya chotsegula ine mwini. Ndinalira pa kabaza njira yonse.

Mayi amasiye aja anasunga lumbiro lawo, sindinamvepo dzina lililonse likuyenda m'misika, koma umenewo unali mwayi chabe, osati nzeru zanga. Lero ndimakhulupirira kuti ulemu wa malemu uli pa sadaka ndi pa mapemphero, osati pa akaunti. Inu amene mumasunga zinsinsi za anthu m'makompyuta, mnzanu akamwalira lirani, kaikeni maliro, koma akaunti yake tsekani tsiku lomwelo musanasambe n'komwe. Mlongo wanga anakhala zaka zina zisanu, ndipo mpaka tsiku lomaliza sindinamuuze kuti ndikudziwa.