Makande Athu Pakati pa Bwalo la Kiriketi

Ndikukumbukira chaka chimene lole yobiriwira inayamba kubwera kwathu ku Matope kudzatenga dothi. Inde anzanga, dothi, musati mkuluyu walakwitsa polemba. Sukulu ndinalekezera panjira, koma dothi ndi thonje ndimasiyanitsa. Nthawi imeneyo pa Zalewa panali patchire, msewu waukulu wochokera ku Blantyre unkadzera pa mlatho wathu, ndipo malole tinkawaona tsiku ndi tsiku, ena a fodya, ena a nsomba zouma. Koma lole yobwera yopanda kanthu n'kubwerera itasenza zibuma, imeneyo tinali tisanaionepo.

Kumunsi kwa munda wa amayi kunali makande, dothi lakuda bii lija. M'chilimwe linkang'aluka ming'alu yoti mwanapiye n'kugweramo, m'dzinja linkamata kumapazi mpaka munthu wamfupi kufika kunyumba atatalika. Palibe ankalifuna. Tsiku lina dalaivala wa loleyo, a Saidi, Myao wa kachipewa koyera, anatsika, anatola chibuma, anachinyowetsa ndi madzi a m'botolo, n'kuchipota m'manja mpaka chinakhala ngati kanjoka osaduka. Anagwedeza mutu, ndipo anapempha bambo anga, a Dafuleni, kuti azikumbapo. Bambo anali munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anangoti tengani, mutithandiza. Ulendo wotsatira a Saidi anabweretsa mphatso yochokera kwa bwana wawo, mmwenye wa sitolo ku Limbe: juzi yoyera yaubweya, ya mizere yobiriwira m'khosi. Bambo anaivala kutchalitchi mu Okutobala, ku Matope, dzuwa likuswa mtengo. Thukuta linali kamukamu, koma sanavule.

Juziyo ndiyo inautsa mlandu. Bambo anali mkamwini, kwawo kunali ku Ntcheu. Munda unali wa amayi, ndipo mwini mbumba anali malume anga, a Layitoni, amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi majombo a misomali kunsi, komanso ndi chikhulupiriro choti chilichonse chimene munthu akukumba pansi chili ndi mwala wodula mkati.

"Alamu, mmwenye sapereka juzi chifukwa cha matope," anatero ataima pabwalo pathu. "Mwagulitsa chiyani m'munda mwa mlongo wanga?"

"Dothi basi, alamu."

"Ndiye amadya dothilo?"

Bambo nawonso sankadziwa, poti sanafunse. Malume anatumiza mawu kwa ankhoswe, ndipo mudzi wonse unadziwa kuti akakhala pansi, bambo apinda mphasa yawo, ulendo wa ku Ntcheu. Amayi ankasinja akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Pachitsime nkhani inali yomweyo. Ena ankati dothilo amapangira sopo, ena mankhwala okokera makasitomala, ena ankati amagulitsa kwa azimayi oyembekezera a m'tauni. Ine ndinali mwana wa pakamwa, mawu angawa ndinabadwa nawo, ndipo ndinauza anzanga kudambo kuti ndikaliona ndekha kumene limapita. Ndinkafuna bambo akhale, zimenezo n'zoona. Koma chidwi nacho chinkandiyabwa ngati chitedze.

M'mawa wina anyamata atamaliza kupakira ndi mafosholo, ndinakwawira pansi pa lona imene ankafunditsa dothilo. Munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa, fungo lake ngati la mvula yoyamba. Ndinapirira mabampu onse mpaka pa Lunzu, pamene a Saidi anaima kuti athire madzi mu injini, ine n'kuyetsemula. Anandikoka mwendo.

"Iwe mwana wa a Dafuleni, ukufuna andimange?"

"Ndikuperekeza dothi lathu, bambo."

Anaseka mpaka kachipewa kanagwa. Anatumiza uthenga kwathu kudzera kwa dalaivala mnzawo, anandigulira chigumu, n'kundikhazika kutsogolo ngati bwana.

Ine ndinkayembekeza fakitale ya chumuni chofuka utsi. Koma lole inalowa pa geti n'kuima m'mphepete mwa chibwalo chozungulira ngati lichero, chachikulu kuposa munda wa amayi ndi wa malume kuphatikiza. Kapinga yekhayekha, wometedwa bwino kuposa mutu wa msilikali, wopanda phesi ngakhale limodzi la chimanga. Ndinadzifunsa kuti kodi mbuzi za kuno zili kuti, msipu wonsewu ukungoonongeka? M'malire monse munazungulira chingwe chonenepa chongogona pansi, chosamangirira kanthu. Uku ndi uko, moyang'anizana, kunaima zimatabwa ziwiri zoyera mbee, zazitali ngati khoma la tchalitchi, zili pa matayala, zopanda cholembedwa chilichonse. Chapambali panali chibolodi chakuda chokolekapo manambala a malata, ndi nyumba ya khonde lalitali yodzaza mipando ya nsalu. Magolo ndinawafunafuna, osawaona.

Ndiye pakatikati penipeni, ndinalizindikira ngati mmene umazindikirira mbale wako pamsika. Dothi lathu! Analiyala kachigawo kowongoka ngati msewu waufupi wosapita kulikonse. Mbali ina anali atamaliza, litamera kapinga wamfupi, losalala ngati pakhonde pozira. Mbali ina anyamata ankaphwanya zibuma, kusefa ndi sefa ngati ufa wa phala la mwana, kuyala, kuwaza madzi. Amuna anayi ankakoka chigudumu chachitsulo, kupita, kubwera, kupita, kubwera, akuimba chapansipansi.

Ndinathamangira komweko, koma mawu anandiimitsa ngati ndagunda mtengo. Anali a Namakhwa, woyang'anira bwalolo, Mlomwe wa ku Thyolo, wamfupi, wa ndodo m'manja. A Saidi atawauza kuti ndine mwana wa kumene kumachokera dothilo, nkhope yawo inamasuka. Anayang'ana mapazi anga, anaona kuti nsapato sindizidziwa, n'kundilola kupondapo. Linali lolimba ngati simenti, koma lofunda, lamoyo.

Mkulu ameneyu ankakonda bwalo lake ngati mwana, ndipo atapeza wofunsa mafunso sanafune kundisiya. Anati masewera ake ndi kiriketi. Kale pamalopo panali dambo la achule, azungu oyamba analidula ngalande, anasalaza, n'kumasewera pa chimphasa cha zingwe chokhomera pansi ndi misomali, pansi pake atatsira dothi la pachulu. Kenaka amwenye anayamba kusewera nawo, anamanga khonde lija, anadzala mitengo ya bulugamu kuti itchinge mphepo. Tsono kunamveka kuti kubwera timu yochokera kunja, ku Halale, ndipo kumeneko chimphasa anachisiya kalekale, amaseka osewera pamphasa. Manyazi amenewo ndiwo anatumiza a Saidi kukasaka makande mpaka kutsidya kwa Shire. Ndinafunsa za zimatabwa zoyera. Anati n'zoti womenya aziuona bwino mpira wofiira ukamabwera, kumbuyo kwake kukhale koyera. Chingwe chija? Mpira ukachidutsa ndiye kuti wamenya bwino, amakoleka malata ambiri. Nanga dothi la konkuno lalakwa chiyani, lofiira lokongolali?

Apo a Namakhwa anatulutsa mpira m'thumba, wofiira, wachikopa, wosokedwa pamimba, wolimba ngati dzaye. Anaumenyetsa pa dothi la ku Limbe, unangoti phu, n'kugona pomwepo ngati waledzera. Anaumenyetsa pa makande athu, unati tha, n'kudumpha mpaka m'chiuno mwawo. Ine ndinakuwa ndi mawu onse, akhwangwala a m'mabulugamu anabalalika.

Chakumadzulo kunabwera amuna akuluakulu, ena a mimba zawo, atavala zoyera ngati anamwino. Anazika timitengo titatu uku, titatu uko. Mmodzi ankathamanga kuchokera kutali, n'kuponya mpira ndi mkono wowongoka, kuumenyetsa padothi pathu, wina n'kuutchinga ndi chithabwa ngati nkhafi ya bwato. Kamphepo ka ku Limbe katayamba kuzizira, anavala majuzi. Oyera, a mizere yobiriwira m'khosi, aliyense yake! Ndiye juzi imene inkathetsa banja kwathu inali yunifolomu chabe. Mtambo utangoda pang'ono, a Namakhwa anaimba likhweru, anyamata anathamanga ndi lona n'kufunditsa dothi lija mwaulemu, m'mbali monse akutsindira njerwa.

Ndinagona kwa a Saidi, ndipo m'mawa mwake ndinafika kwathu. Amayi anandilandira ndi kamtengo ka bwemba, kenaka anandikumbatira, kenaka anapitiriza ndi kamtengo kaja. Nditafotokoza zonse pamaso pa malume, iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Eti amuna a ndevu zawo kutuma lole kuti kampira kazidumpha? Mwana wa mkamwini saleka kuikira kumbuyo bambo wake."

"Tiyeni mukaone nokha, malume. Mukakapeza mwala, bambo apite, inenso ndipita nawo."

Amayi anagwira pakamwa. Koma malume anali asanakwerepo kutsogolo kwa lole chibwerere ku Joni, ndipo sanafune kuti mudzi uziti aopa mawu a mwana. Anavala jekete la Lamulungu ndi majombo aja, m'thumba anapindiramo kathumba kotolera miyala.

Titafika, sanapereke moni kwa munthu. Analunjika pakati pa bwalo, misomali ya majombo ikulira, gwa, gwa. A Namakhwa anatulukira kuseri kwa chigudumu ndodo ili m'mwamba.

"Chokanipo apo, inu! Mukuyesa ndi pamsika?"

"Ukuthamangitsa ndani? Dothi ili ndi la amayi anga ondibala!"

"Kaya ndi la agogo anu, vulani zinsapatozo!"

Ndipo anavula, anzanga. Malume anga amene sankavulira munthu chipewa anavula majombo a ku Joni pamaso pa Mlomwe wamfupi. Anayenda chopanda nsapato kuchokera ku timitengo uku mpaka uko. Anagwada, anakanda ndi chikhadabo, ananunkhiza. Anapita pamulu wa zotsalira pa sefa, anafukula ndi manja, anapezamo tizigoba ta nkhono ndi muzu wa mtengo wa minga. A Namakhwa anawapatsa mpira kuti amenyetse okha. Anamenyetsa kamodzi, kawiri, kenaka osafunanso kubweza. Mmwenye uja atamva kuti kwabwera mwini dothi, anawakhazika pa mpando wa nsalu pakhonde, anawapatsa tiyi wamkaka ndi samusa. Anaonera masewerawo mpaka dzuwa kupendeka osamvapo kanthu, koma mpira ukadumpha kwambiri ankagunda munthu woyandikana naye ndi chigongono n'kunena kuti, "Ndi lakwathu limenelo."

Ankhoswe atakhala pansi pa mtengo wa msangu, bambo anali pomwepo, juzi ili pamwendo. Malume anaimirira, anakonza kukhosi, n'kunena kuti mwala mulibe, afufuza okha monga munthu wodziwa za migodi. Anati koma anthu adziwe kuti dothi la mbumba yawo ku Limbe amalisefa, amalimwetsa madzi, salipondetsa nsapato, ndipo mvula ikamabwera amalifunditsa lona pamene eni akefe timagona m'nyumba zodontha. Alamu akhale, sanabe kanthu. Kulakwa kwawo n'kumodzi, kupereka za eni osaodira. Choncho juzi ipite kwa mwini dothi. Bambo anaipereka ndi manja awiri. Anakhala pa Matope mpaka imvi, ndipo manda awo ali pomwepa, pafupi ndi a amayi. Malume anaivala juziyo Okutobala aliyense mpaka inasanduka ukonde.

Lero zinthu zinasintha. Msewu unasamukira ku Zalewa, malole anatiiwala, ndipo dzenje limene anasiya a Saidi limasunga madzi mpaka chilimwe, adzukulu anga amathirira tomato. Amalitchula kuti pa Kiriketi, ambiri osadziwa chifukwa chake. Bwalo lija ndinamva kuti analikuza, ndipo kumabwera matimu a mayiko ena, ana athu akuda, ngakhale atsikana, n'kumamenya nawo. Mdzukulu wanga wina amandionetsa pa foni mabwalo a kunja, mipando yosanjikizana mpaka kumwamba ngati phiri la Neno, magetsi pa zitsulo zazitali, chibolodi chosintha chokha manambala popanda wokoleka malata. Zovala zoyera zija anasiya, ena amavala ngati mbalame, ndipo akuti kwina dothi la pakati amalikonzera kwina n'kudzalitsitsa ndi makina lathunthu ngati chitseko. Iye amafuna ndizidabwa ndi magetsiwo. Ine ndimamuuza kuti akulitse chithunzicho ndi zala zake, pakati pomwe, pamene pali kachigawo kotuwa kaja. Chigudumu chilipobe, lona ilipobe, ndipo pambali pamakhala kamunthu koletsa anthu kupondapo. Ndikaona zimenezo ndimafunsa mokweza, mpaka a nyumba yoyandikana amamva: kodi dothi limenelo anakumba m'munda mwa yani, ndipo mkamwini wake anamusiya kuti akhale?