Ndere za m'Dziwe Lachitatu

Ndi anthu ochepa amene ankadziwa dzina lawo lenileni. Kuntchito ngakhalenso kumakomo ankangoti a Jombo, chifukwa akaweruka sankasintha nsapato ngati anzawo. Ankayenda ndi jombo zapantchito mpaka pakhonde, zitamata ndere.

Ankagwira ntchito kumene madzi oipa a m'tauni amathera. Chilichonse chotsika m'sinki, m'bafa ndi m'chimbudzi chinkayenda m'mipope mpaka kumeneko. Zinyalala zikasefedwa, matope n'kukhazikika pansi, madziwo ankalowa m'maiwe aatali koma osaya. M'dziwe lililonse munali gudumu lopalasa madzi kuti asaime. Mmenemo ndi mmene munkamera ndere, osati zija zonga ulusi za m'ngalande ayi, koma tosaoneka ndi maso, tochuluka mwakuti madzi onse ankangoti biriwiri. Nderezo zinkadya zonyansa, madzi n'kutuluka atayera. Zikachuluka, a Jombo ndi anzawo ankazikolola, kuziyanika, n'kuzipititsa kushedi komwe makina ankafinyamo mafuta oyendetsera jenereta ya pamalopo.

Ntchitoyi inali ndi lamulo lake. Dziwe sulikolola lonse. Umasiyamo madzi obiriwira olekeza m'akakolo kuti akhale mbewu. Choncho ndere za lero ndi ana a ndere za dzana, ndipo mtundu wake suduka.

Akazi awo a Jombo anadwala nthawi yaitali. M'miyezi yomaliza bambowo ankawasambitsa okha, atawakhazika pampando wapulasitiki m'kabafa kawo kopanikiza, komwe munthu ukawerama msana umagunda chitseko. Mayiwo anali anthabwala ngakhale thupi litatha. Akaona madzi athovu akuzungulira pabowo ankaloza ndi chala.

"Ndatsogola ine," ankatero. "Mawa mukandilandire bwino kuntchitoko."

Nthawi imeneyo maiwe ena anali kukonzedwa, ndiye madzi onse ankapita m'dziwe lachitatu. A Jombo ankaseka limodzi ndi akazi awowo, n'kuwapukuta kumsana.

Maliro atatha anabwerera kuntchito, ndipo anthu ankati alimba mtima. Koma kunena zoona, iwo anali atayamba kuwerengera mwa njira yawoyawo. Thukuta la mayi aja, tsitsi lawo, madzi onse amene anawasambitsa, zinalowa m'dziwe lachitatu. Ndere zinadya. Ndipo popeza mbewu imatsala nthawi zonse, ndiye kuti china chake cha mayiwo chinali chikuzungulirabe mmenemo.

Sanauze munthu. Kungoti m'mawa ankayambira kudziwe limenelo, n'kuima kaye chipewa chili m'manja. Masana dzuwa likaswa mtengo, gudumu likamamenya madzi kuti phwa, phwa, ankamva ngati munthu akuchapa kuseri kwa nyumba, mwakuti nthawi zina ankacheuka. Tsiku lina anamva fungo la sopo wa mayi aja, pamalo pamene mphuno ya munthu siyembekezera sopo. Wamagetsi, mnzawo wakalekale, ankawaseka kuti apeza mbeta m'dziwe, ndipo ankafunsa kuti ukwati udzakhala liti kuti asokeretu suti. Iwo ankangomwetulira.

Kenaka dziwe linayamba kufiirira. A Jombo ndiwo anayamba kuona, m'mphepete cha kumene madzi amakhota, koma anakhala chete poganiza kuti mwina ndi mitambo chabe. Pofika sabata yotsatira panalibenso chobisa. Mayi wa kulabotale anabwera, natunga madzi m'kabotolo, nawaitana kuti adzaone okha pagalasi lokuzira zinthu. Anaona tizilombo tooneka ngati timatumba, tikumeza timadontho tobiriwira mosapuma.

Mayiyo anafotokoza mofatsa kuti dziwe liyenera kuphwetsedwa lonse, likwechedwe ndi mankhwala, liume padzuwa, kenaka muikidwe mbewu yatsopano ya mulabotale. Kupanda kutero, tizilomboto tikhoza kuyenda pa maukonde okololera ndi pa jombo zomwe, n'kumaliza maiwe onse. A Jombo anapempha kuti musiyidwe pang'ono pokha, monga mwa masiku onse, ngakhale madzi ongonyowetsa pansi.

"Bambo," anatero mayiyo, "mbewuyo ndi imene ikudwala."

Mawu amenewa anali atawamvapo kale, m'chipinda china kuchipatala, kwa munthu winanso wovala zoyera. Kapitawo ataona nkhope yawo anati ntchitoyo apatse ena, koma iwo anakana, nati dziwe analilera okha, aliphwetsanso okha.

Asanatsegule chotsekera madzi a dziwelo, anapita pakona pamene madzi anali akadali obiriwirako, natunga m'botolo lagalasi, n'kulibisa m'chikwama cha chakudya. Ankadziwa kuti ndi mlandu. Kenaka anatsegula, naima pomwepo mpaka simenti yapansi inaonekera. Gudumu linazimitsidwa. Bata limene linagwa pamenepo linawalemera kuposa la tsiku la maliro.

Kunyumba anaika botolo pawindo la kukhitchini, pamene dzuwa la m'mawa limafika. Asanapite kuntchito ankaligwedeza pang'ono, m'malo mwa gudumu, ndipo pobwera ankaliyang'ana asanavule n'komwe chipewa. Masiku ena linkaoneka ngati likuchira. Masiku ena ayi.

Loweruka lina kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa malemu, amene ankabwera mwa apo ndi apo kudzakolopa ndi kudzawakalipira za makatani. A Jombo anali kuntchito. Pobwera madzulo anapeza nyumba ikununkhira, mbale zili mbee, ndipo botolo lija lili chozondoka pathandala, lotsukidwa mpaka kuwala.

Mlamuyo sanadikire kufunsidwa. Anati anthu ena amaweta nkhuku, ena amphaka, koma alamu ake okha ndi amene asankha kuweta matenda pawindo, ndipo achemwali ake akanakhalapo akanawapitikitsa nalo limodzi botololo. Anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha analeka.

"Alamu, kodi munali mankhwala?"

"Mwatayira kuti?" anafunsa a Jombo.

"M'sinki. Nanga n'kanatayira kuti?"

A Jombo anayandikira sinkiyo, nayang'ana pabowo nthawi yaitali. Mlamu anayamba kupepesa, osadziwa chimene akupepesera, koma iwo anakweza dzanja kuti asavutike. Anatsegula mpopi pang'ono, madzi n'kumatsika mwakachetechete, monga muja umaperekezera mlendo mpaka pamsewu. Kenaka anatseka.

M'mawa mwake linali Lamlungu, tsiku lawo lopuma. Mlonda wa pageti anadabwa kuwaona atavala malaya oyera ndi nsapato zachikopa, jombo atazisiya kunyumba. Dziwe lachitatu linali litadzazidwanso, mbewu yatsopano ikadali yotuwa, gudumu likupalasa. Iwo sanapite kumeneko. Analunjika kumene mpope waukulu umakhuthulira madzi a tauni yonse, pamalo pamene ngakhale antchito sakonda kuimapo, navula chipewa.

Mlonda anawatsatira, nafunsa ngati aiwala kanthu.

"Iyayi," anatero a Jombo, maso ali pamadzi. "Ndabwera kudzalandira munthu."