Malita Awiri Omwewo

Ababa anga anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi chimodzi osapha injini ngakhale imodzi. Mukakhala nawo mphindi khumi, nkhani imeneyi muimva kawiri. Chinsinsi chake, amatero eni ake, ndi kulawirira. Kukangocha, injini ikadali yozizira, munthu azule dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, apukute, abwezere, azulenso n'kuwerenga. Kudepoti anzawo ankawaseka kuti amayamba kupereka moni kwa dipisitiki, bwana pambuyo.

Ntchito anaisiya chifukwa cha maso. Diso lakumanzere linachita nkhungu, ndipo dokotala sanafune n'kumva komwe zoti msewu amaudziwa pamtima. Patapita zaka ziwiri amayi anamwalira, ababa n'kutsala okha m'kanyumba kokhala ndi masitepe asanu ndi awiri pakhomo. Anagwa pamasitepepo kawiri. Ulendo wachiwiri anakhala pansi theka la tsiku mpaka woyandikana nawo nyumba atawamva akubuula. Ndinawachonderera miyezi inayi kuti abwere azikhala kwathu, ndipo tsiku limene analola anandiloza chala.

"Ndibwera, koma ine si katundu. Ndikadzangoona kuti mukundisunga ngati chikwama, ndidzabwerera kumasitepe kwanga."

Ababa sanena zongoopseza. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unali m'mwamba.

Amuna anga ndi munthu wabwino mpaka kukwiyitsa. Ntchito yawo ndi yoyeza malo, salankhula kawirikawiri, ndipo akagundana ndi chitseko amapepesa chitsekocho. Chimene chimawatulutsa mawu n'chimodzi chokha: galimoto yawo yaliwiro, yakalekale, yobiriwira, yonyonyomala pansi ngati chule, imene injini yake ili kumbuyo komwe anthu anzeru amaikako katundu. Anaigula ili chiphakasa, makoswe ataberekeramo, n'kuikonza zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndimaitcha mkazi mnzanga. Imatuluka Loweruka lokha, masiku enawa imagona mugalaja itafunditsidwa nsalu yabwino kuposa ya pabedi pathu.

Sabata yoyamba ababa anazungulira pakhomo ponse kusaka chochita. Anakonza geti lomwe silinali lowonongeka. Ananola mipeni yonse ya kukhitchini, wina mpaka kutsala ngati singano. Kenako Lamulungu lina m'mawa anabwera patebulo akupukuta manja ndi kansanza, nkhope ikuwala.

"Bambo," anatero kwa amuna anga, "mwayi wanu ndabwera pano. Galimoto yanu ija inalibe oyilo. Dipisitiki yotuluka youma gwaa! Ndathira malita awiri amene anali pashelefu paja, tsopano wafika pachizindikiro."

Supuni ya amuna anga inaima m'malere. Kenako anayankha kuti athokoza kwambiri.

Titalowa kuchipinda ndi pamene anagwira mutu. Anandifotokozera kuti galimoto imeneyi si yofanana ndi zinazi. Oyilo wake amakhala m'kathanki kapadera pambali pa injini. Ikagona nthawi yaitali oyiloyo amatsikira pansi mu injini, ndiye ukayeza ili yozizira umapeza ngati mulibe kanthu. Imayezedwa itayenda kaye n'kutentha, itaima pamalo osapendekeka, injini ikulira. Ukathira ili yozizira ndiye kuti wadzazitsa, ndipo ikangotentha oyilo wosefukirayo amakalowa mopita mpweya.

"Ndiye bwanji simunawauze pompo paja?" ndinafunsa.

"Mayi, nkhope yawo munaiona?"

Ndinaiona. Chimwalirireni amayi, ndinali ndisanaionepo choncho. Ndinangoti chete, ndipo mlandu wanga unayambira pomwepo.

Nzeru imene amuna anga anapeza, mpaka lero ndikaikumbukira ndimafuna kuswa mbale. Anakabwereka kapampu kapamanja kwa makaniko wawo. Loweruka lililonse ankatuluka pageti akubayibitsa ababa, n'kukaima kuseri kwa mpanda wa sukulu, kupopa malita awiri aja kubwezera m'mabotolo, kenako n'kumapita kokayenda. Pobwera ankaika mabotolo aja pashelefu mwakachetechete, ngati angowagula kumene. Lamulungu m'mawa ababa ankapeza dipisitiki yauma, n'kutenga mabotolo omwewo kuthira. Oyilo mmodzi yemweyo anayenda ulendo umenewu miyezi itatu: m'botolo, m'thanki, m'botolo, m'thanki.

Ababa anafika poida galimotoyo ndi mtima wonse, ndipo chidanicho chinawapatsa moyo.

"Mwagula chidakwa, bambo," ankatero. "Malita awiri pa Loweruka limodzi? Basi yanga inkanyamula anthu makumi asanu ndi awiri, koma sinkamwa chonchi."

Anayala makatoni pansi pake kuti aone podontha, n'kupezapo timadontho tiwiri tokha. Anakwawira kunsi ndi tochi, bondo likulira, ine mtima uli m'manja. Ananunkhiza ekizozi. Anaunika botolo padzuwa n'kupukusa mutu kuti oyilo wa masiku ano ngwachinyengo, akuchoka kusitolo atada kale. Amuna anga anavomereza kuti zinthu zasinthadi. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, iwo n'kupepesa.

Chovuta n'chakuti ababa ankadya bwino, ankagona bwino, ndipo za masitepe sankazitchulanso. Anali ndi mdani woti adzukire m'mawa. Koma ine zinkandidya. Munthu amene anandiphunzitsa kuti bodza ndi bodza ngakhale likhale laling'ono, ndinkamuonerera akukwawa pasimenti kusaka kudontha komwe kulibe.

"Awuzeni," ndinkatero kwa amuna anga.

"Ndi bambo anu."

"Ndi galimoto yanu!"

"Tiwauza sabata yamawa."

Sabata yamawayo sinafike. Chimene chinafika ndi ulendo: amuna anga anatumidwa kukayeza malo kutali kwa masabata awiri. Lachinayi ababa anali ndi tsiku lokaonetsa diso kuchipatala, tsiku limene tinalidikira miyezi iwiri, ndipo m'mawa umenewo kagalimoto kanga kanakana kulira. Panatsala mkazi mnzanga. Za kapampu ndinkazidziwa, kanali kuseri kwa mpando. Koma ababa anali atavala kale jekete, atakhala kale m'galimotomo, kapu ili pabondo. Ndikanaima pati, n'kunena kuti ndikupopa chiyani? Ndinadziuza kuti kuchipatala si kutali.

Mumsewu wathyathyathya zinayenda. Titayamba kukwera chitunda cha pamsika ndinaponda mafuta, ndipo pagalasi ndinaona kumbuyo kwayera. Utsi unali tolotolo, woyera mobiriwira, wonunkha ngati chiwaya chopserera. Anthu anayamba kukuwa kuti yapsa, yapsa. Mayi wina anathawa ndi dengu lake pamutu. Injini inatsokomola katatu n'kuzima pafupi ndi sitolo ya zitsulo.

"Ndinanena ine," anatero ababa modekha. "Yamwa mpaka yasanza."

Foni ya amuna anga sinkapezeka, ndiye ndinaimbira makaniko wawo uja. Ndi bambo wa imvi za apo ndi apo, wamimba, amene aliyense amangomutcha Phokoso, chifukwa ngakhale akamanong'ona amamveka tsidya lina la msewu. Anafika panjinga yamoto ndi chikwama cha masipanala. Atatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya, oyilo anachucha n'kumudonthera pansapato.

"Ndani wadzaza chonchi?" anakuwa. "Mbuli imeneyi ndi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname, koma ababa anandiyambirira.

"Mbuliyo ndine."

Ndinkayesa Phokoso achita manyazi. Sanaphethire n'komwe.

"Ndiye mwalakwitsa, madala. Munayeza ili yozizira, eti?"

"Oyilo amayezedwa injini ili yozizira. Ndayendetsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, iwe usanamere mano."

"Mwayendetsa basi! Iyi ndi basi? Mwaona kondakitala muno?"

Anthu amene anatizungulira anaseka. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Koma nditayang'ana ababa, ndinapeza avula jekete, akupinda manja a malaya. Anakangana pamsewu pomwepo, wina uku wina uku, kwinaku Phokoso akuchotsa oyilo wowonjezera, akutsuka bokosi lija ndi kupukuta mapulagi. Ababa ndi amene ankamupatsira masipanala, ndipo sanalakwitse saizi ngakhale kamodzi. Atamaliza, tinaikankhira pamalo osapendekeka pakhomo pa sitoloyo, n'kuiliza mpaka utsi unatha ndipo injini inatentha.

"Zulani tsopano," anatero Phokoso.

"Ikulira?"

"Ikulira chomwecho. Samalani lamba wa injini angakudyeni tayi."

Ababa anazula, kupukuta, kubwezera, kuzulanso, n'kuyandikitsa kudiso lakumanja. Oyilo anali pakatikati pa zizindikiro ziwiri. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka chikhakhali chimene ndinali nditaiwala kuti ali nacho.

"Ha! Ndakalamba osadziwa kuti kuli injini yoyezedwa ikulira. Ndiye oyilo azifika pamwamba?"

"Ayi, pakati pomwepo. Mukadzaza imalavula."

"Nanga kumwa kwakeko? Malita awiri Loweruka lililonse?"

"Malita awiri a chiyani? Iyi imamwa, inde, zonse zakalezi zimamwa, si matenda. Koma lita imodzi imayenda nayo makilomita chikwi ndi theka. Mkamwini wanu ndi kuyenda kwake kwa Loweruka angathe miyezi asanathire."

Ababa anasiya kuseka. Ndinaona akuwerengera mumtima. Nthawi yomweyo Phokoso, posaka kansanza kuseri kwa mpando, anatulutsa kapampu kaja.

"Aa! Pampu yanga iyi! Miyezi itatu ndikuisaka. Anandiuza kuti aibweza mawa lake."

Panalibe wowauza ababa china chilichonse. Anayang'ana kapampuko, paipi yake ikadali yonyowa ndi oyilo. Anayang'ana ine.

"Mabotolo aja," anatero, "n'chifukwa chake ankabwera otsegula kale."

"Ababa..."

"Iwe unkadziwa?"

"Eya."

Anavala jekete yawo n'kumanga mabatani onse. Kuchipatala tinafika nthawi itadutsa, anatipatsa tsiku lina. Titafika kunyumba anaima pakhomo la galaja, osalowa.

"Uja wanditcha mbuli pamsewu, anthu akumva," anatero. "Sizinandipweteke. Munthu amakalipira amene akumuwerengera kuti angamve. Inu awiri mwandipatsa chidole kuti ndizisewera nacho ndisakusokonezeni. Ndinkakwawa pansi apa, iwe ukundibweretsera tiyi."

Ndinalira. Ndinanena kuti tinkaopa kuti achoka, kuti tinkafuna asangalale, kuti masitepe aja adzawapha. Zonse zinali zoona, ndipo palibe chimene chinathandiza. Madzulo ake anatsitsa sutukesi pamwamba pa wadiropu n'kulongedza.

Sanapite. Koma musaganize kuti anatsalira ife. Galaja ya Phokoso ili pafupi ndi kwathu kuposa ndi kumasitepe kuja, basi. Tsiku lililonse amadzuka, kuvala ovolosi imene anapatsidwa kumeneko, n'kuyenda wapansi. Amasankha mabawuti, amamvetsera injini ndi khutu n'kunena chovuta, ndipo amakalipiridwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinadutsako tsiku lina ndikuchokera kuntchito, n'kumva Phokoso akukuwa kuti madala mwamangitsa kwambiri, ababa akubweza kuti dzanja lako ndi la phala. Ndinaima panja ngati mlendo, nsanje ikundidya. Sutukesi ija ikadali kuseri kwa chitseko chawo, yolongedza. Ndikamasesa ndimaizungulira.

Kunyumba kuno ababa asanduka munthu waulemu woopsa. Chakudya chikhale chopserera, amati chakoma. Geti likulira, amadutsa osaliyang'ana. Amuna anga atabwera ku ulendo uja anapepesa atagwada, ababa n'kuwadzutsa mwaulemu kuti palibe cholakwa, nyumba ndi yawo, galimoto ndi yawo. Mawu oti chidakwa sanamvekenso. Sindinkadziwa kuti munthu angalakelake kunyozedwa, koma amuna anga anafika pomwepo.

Loweruka lapitali anayesa nzeru ina, ndipo ulendo uno sindinawaletse chifukwa inenso nzeru zandithera. Atabwera kokayenda anaimika galimoto mugalaja injini ikulira, anazula dipisitiki n'kuipukuta mpaka kuuma gwaa, dala. Anapita nayo pakhonde pamene ababa anakhala, ataigwira ndi manja awiri.

"Ababa, tandionereni. Ine sindikumvetsa bwino apa."

Ndinali pawindo la kukhitchini, mbale ili m'manja, ndikupemphera kuti akalipe. Anene kuti mwana iwe zimitsa msanga, ukupha injini. Anene chilichonse.

Ababa anailandira. Anaiyandikitsa kudiso lakumanja, kuitembenuza mbali zonse ziwiri, ndipo ndikudziwa kuti anaona kuti palibe ngakhale dontho. Anaibweza ndi manja awiri.

"Zili bwino, bambo," anatero. "Inu ndi amene mukudziwa."